Kagetsi Kofiira ka M'kati

1. Mzere Umodzi

Ottilia Daka anali ndi chakukhosi, ndipo tisabise, chifukwa chake chinali chomveka.

Ampulifaya yokwezera mawu imene inapambana pa chionetsero cha sayansi cha masukulu a m'boma la Katete anapanga ndi iyeyo. Miyezi itatu yathunthu ankati akaweruka kusukulu n'kuthamangira ku kashopu ka amalume ake, a Yosefe, okonza mawailesi kuseri kwa msika. Kumeneko ankazula tizipangizo m'mawailesi akufa n'kumatiyesa kamodzikamodzi ndi mita, maso ali psuu ndi utsi wa mtovu.

Brian Njobvu, mnzake wa mu giredi 11, ntchito yake inali kukhoma bokosi. Bokosilo linali labwino, pamenepo tisamunamizire. Analipakanso vanishi.

Tsono sabata ya chionetsero kunagwa maliro a azakhali ake a Ottilia ku Vubwi. Mtsikanayo anapita ndi amayi ake, ampulifaya n'kuisiya m'manja mwa Brian. Pobwerako anapeza chithunzi chitakhomedwa pa bolodi la sukulu. Brian anali atanyamula chikho, mano onse ali pamtunda. Pa khadi la pulojekiti panali dzina limodzi lokha.

"Anandidzidzimutsa," anatero Brian atafunsidwa. "Pa fomu panali mzere umodzi chabe."

Mzere umodzi. Ngati kuti maina awiri sakwana pa mzere umodzi.

Ottilia sanalire, ndipo sanakadandaule kwa aphunzitsi. Anangoti, "Chabwino," n'kutembenuka. Aliyense womudziwa mtsikanayu akanaopa kumva chabwino ameneyo. Iye ankafuna chinthu chimodzi, dzina lake pa ntchito yake. Poti dzinalo linali litabedwa, anatsimikiza zoti wakubayo akhaule.

2. Brian Agwira Njakata

Opambana a m'maboma atatu, Katete, Sinda ndi Vubwi, anali oti akakumane ku Sinda kumapeto kwa Okutobala. Oweruza anauza Brian kuti akabwere ndi ampulifaya yaikulu, yoti ikalankhulitse anthu mu holo tsiku lonse. Wopambana kumeneko dzina lake linali loti lipite ku Lusaka.

Kudyera mnzako masuku pamutu kumakoma tsiku loyamba. Tsopano Brian anayenera kupanga yekha. Anatsegula yaing'ono ija n'kukopera waya ndi waya, koma yaikuluyo inakana.

Loweruka m'mawa, kutatsala sabata imodzi, anatulukira ku shopu atasenza chibokosi chake. A Yosefe anali atapita kukapereka wailesi ya munthu. Ottilia anali yekha.

"Ottilia, sole pa zija," anatero akutula bokosi patebulo. "Manje ndili pamavuto. Ndakopera zonse monga unachitira iwe, koma ikumveka ngati munthu wa chimfine."

Ottilia anakokera bokosilo kwa iye. Anamasula chivundikiro n'kusuzumira. Vuto analiona nthawi yomweyo.

Mu ampulifaya ya mtundu umenewu mumakhala kachigawo kotchedwa karenti sosi. Ntchito yake ndi kupimira mathiranzisita akuluakulu magetsi, osachuluka osachepa, monga amapimira mchere wogulitsa pamsika. Kake ka Ottilia kanali ndi thiranzisita yaing'ono, rizisita yochepetsa magetsi, ndi kagetsi kofiira kamene kankayaka m'kati mwa bokosi, mosaonekera munthu. Brian kagetsi kameneko anali atakaika kutsogolo kwa bokosi, pafupi ndi switchi.

"Aka wakachotseranji m'kati?" anafunsa Ottilia.

"Kanali kungowonongeka m'menemo," anatero Brian, m'maso muli gwa. "Ndinaona kuti ndi zokongoletsa zanu atsikana, ndiye ndakaika poti anthu azikaona."

Apa mpamene Ottilia akananena zoona. Kagetsiko sikanali kokongoletsa ayi. Thiranzisita ikatentha imayamba kudutsitsa magetsi ochuluka. Kagetsi kofiira nako kakatentha kamasintha mofanana, n'kumaibweza thiranzisitayo. Popanda iko, kutentha kumachulukitsa magetsi, magetsi n'kuchulukitsa kutentha, mpaka zonse kupsa.

"Wanena zoona," anatero Ottilia mofatsa. "N'kokongoletsa. Pamalo pakepo pangofunika rizisita. Tiye tione pa kompyuta."

3. Madigiri 27

A Yosefe anali ndi laputopu yakale yothyoka pakona. M'menemo munali pulogalamu yojambulira seketi, njira yoyendamo magetsi, n'kuiyesa munthu asanawotcherere kanthu. Ottilia anajambula karenti sosi ya Brian, ndipo pomwe panayenera kukhala kagetsi anaikapo rizisita.

"Tikufuna mamiliampu sikisi," anatero. "Yang'ana mzere wobiriwirawu."

Poyamba mzere unaima pa folo. Anasintha nambala, mzere n'kulumphira pa naini. Anasinthanso kachitatu, ndipo mzere unagona pa sikisi, wowongoka bwinobwino kuchokera uku mpaka uko.

"Ndiye yatheka?" anafunsa Brian.

"Wadzionera wekha. Kompyuta sinama."

Zoonadi kompyuta sinama, koma imayankha zimene waifunsa. Pakona ya sikirini panali kanambala kakang'ono, 27. Pulogalamu ija, ukapanda kuiuza, imayesa kuti dziko lonse limatentha madigiri 27 chaka chonse. Siinakhaleko ku Sinda mu Okutobala, m'kati mwa bokosi lotseka, pansi pa denga la malata. Brian kanambalako sanakaone, ndipo Ottilia sanakaloze.

Analemba masamu onse papepala ndi dzanja lake lokongola, n'kumupatsa kuti akaonetse oweruza. Kenako anawotcherera rizisita, n'kutenga sikuludiraiva yaing'ono, n'kumapotoza kosinthira pang'onopang'ono mpaka mita itaonetsa sikisi.

Anayatsa. Nyimbo ya kwaya inatuluka yoyera mbee, mpaka amayi ogulitsa tomato kutsidya kwa kanjira anayamba kugwedeza mitu. Kunali kukadali m'mawa, chivundikiro chili potero, ndipo nyimbo inali ya mphindi zisanu.

Brian anayang'ana pansi.

"Ine sindikanachita zimene wachitazi," anatero. "Iwe ndiwe munthu wabwino, Ottilia."

"Upite bwino," anayankha Ottilia.

Brian atangokhota pakona, mtsikanayo anabwerera pa laputopu. Anafufuta 27 n'kulemba 40. Mzere unatukuka. Analemba 60, ndipo mzere unakwera phiri, kudutsa naini, kudutsa leveni. Ottilia anamwetulira, mtima wake n'kuzizira kwa nthawi yoyamba chibwerere ku Vubwi.

"Bwezera pa 27 ndione," anatero mawu kumbuyo kwake.

Anali amalume ake.

4. Muzu Umodzi

A Yosefe anali atakumana ndi Brian pakhomo pa msika, ndipo mnyamatayo anawaonetsa pepala lija mokondwa. Munthu amene wakonza mawailesi zaka makumi atatu safuna kuuzidwa zambiri. Anakoka mpando, anavula magalasi, n'kukhala moyang'anana ndi mwana wa mlongo wawo.

"Ottilia, tamvera. Brian anakulakwira. Zimenezo sindikutsutsa, ndipo ine zinandiwawa kuposa iwe, chifukwa ndinkakuona pampandopo tsiku ndi tsiku. Ukafuna, Lolemba lomweli tipite tonse kwa ahedi. Tikatenge kope lako la zojambula, akamufunse mnyamatayo mafunso atatu okha, aone ngati angayankhe. Wakuba timamugwira masana, anthu akuona.

"Koma ichi wachitachi ndi china. Anthu akabwera pa shopu pano sadziwa za m'kati. Amaika wailesi patebulo, n'kutembenuka, n'kupita kukagula ndiwo. Sandiyang'anira. Ndikafuna ndikhoza kuika waya pamalo pa fyuzi, wailesi n'kuimba bwino sabata yathunthu, kenako n'kuyaka moto m'nyumba mwa munthu ana ali momwemo. Palibe angadziwe kuti ndine. Chimene chimandiletsa si polisi. Ndi choti munthuyo anatembenuka chifukwa anandikhulupirira.

"Wa mankhwala ochiza ndi wa mankhwala opha amakumba muzu umodzi. Amasiyana pa zimene amachita nawo akafika kunyumba. Ine nzeru izi ndinakuphunzitsa kuti uzichiza. Ukazigwiritsa ntchito kamodzi kokha kupwetekera munthu wosadziwa, dzanja limazolowera, ndipo tsiku lina udzapeza kuti ngakhale iwe mwini sukulikhulupirira.

"Komanso moto suwerenga khadi. Sufunsa kuti dzina lalembedwapo ndi la yani usanayake. Choipa chitsata mwini, mwana wa mlongo wanga."

Ottilia anamvetsera zonse mutu uli pansi. Atatha, anaudzutsa.

"Amalume, iye anandifunsa ine asanalembe dzina lake? Anthu anamuombera m'manja chifukwa cha thukuta langa. Akamuseke chifukwa cha umbuli wake. Kagetsi anachotsa yekha."

"Anachotsa posadziwa. Iwe wavomereza ukudziwa."

"Ikapse," anatero Ottilia.

A Yosefe anavalanso magalasi awo.

"Ine sindikamuuza, chifukwa ndikatero ndapulumutsa bokosi, iwe sindinakupulumutse. Dzanja lako ndi limene linalemba, pakamwa pako ndi pamene pakafafanize. Uli ndi sabata. Lachisanu ndidzakufunsa."

Lachisanu anamufunsadi. Anali akumangirira zida panjinga kupita ku Vubwi kukaika sola pa nyumba ya mbusa.

"Za Brian zija?"

"Zakonzedwa, amalume."

A Yosefe anamuyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu movomereza, n'kupalasa njinga kupita kokwerera magalimoto. Anamukhulupirira.

5. Ku Sinda

Loweruka kunacha kotentha. Pofika teni koloko malata a holo anali atayamba kulira thethethe, ndipo ana a sukulu ankadzikupiza ndi makope. Ottilia anabwera pa basi ya sukulu ngati wongoonerera. Anasankha benchi ya pakati, pomwe akanaona nkhope ya Brian bwinobwino.

Ampulifaya inali kutsogolo, pafupi ndi windo, chivundikiro chitamangidwa ndi masikuluu onse folo. Kagetsi kofiira kankayaka kutsogolo kwake monyadira. Pemphero lotsegulira linadutsa m'menemo. Mawu a mlendo wolemekezeka, amene sanali afupi, anadutsanso m'menemo. Dzuwa linazungulira mpaka kulowa pa windo n'kugwera pa vanishi.

Ottilia ankangoyang'ana wotchi ya pakhoma. Ankadziwa kuti sipadutsa ola lina.

Nthawi itakwana thwelofu, woweruza wamkulu, mayi Theresa Mbewe, injiniya wa zamagetsi, anafika patebulo la Brian ndi fayilo m'manja. Anamuuza kuti afotokozere anthu ntchito yake. Brian anatenga maikolofoni.

"Madamu, ndisanafotokoze, ndili ndi mawu," anatero, ndipo mawuwo anamveka mpaka panja. "Ampulifaya imene inapambana ku Katete sindinapange ndine. Ine ndinangokhoma bokosi. Anapanga ndi Ottilia Daka, koma ndinalemba dzina langa iye ali ku maliro. Iyinso inandikanika. Ndinapita kwa iye, munthu amene ndinamubera, ndipo anandikonzera osanditukwana ngakhale liwu limodzi. Sabata yonse sindinakhale ndi mtendere. Ndikupempha mufafanize dzina langa mulembe lake."

Kenako wina anayamba kuomba m'manja, ndipo holo yonse inatsatira.

"Ottilia Daka alipo?" anafunsa mayi Mbewe.

Anzake a pabenchi anamukankha. Anaimirira n'kuyenda kupita kutsogolo anthu akumuombera m'manja mbali zonse. Zimene analakalaka miyezi iwiri zinali zimenezi. Anaona ndi maso ake mayi Mbewe akudula dzina la Brian pa khadi n'kulemba lake ndi zilembo zazikulu. Khadilo analitsamiritsa pa bokosi.

Ottilia anaika dzanja pa chivundikiro n'kulichotsa msangamsanga. Chinali ngati chiwaya. Kafungo ka pulasitiki kanali katayamba kale kutuluka m'mabowo a m'mbali.

Switchi inali pompo, pansi pa chala chake. Koma akanazimitsa, akanafunsidwa chifukwa, ndipo anthu anali asanasiye kuomba m'manja. Anabweza dzanja n'kuliika kumbuyo.

"Tsono mwini wake wabwera," anatero mayi Mbewe akumwetulira. "Tatiimbireni nyimbo, mukweze mpaka kumapeto, timve mphamvu yake."

Brian anakweza.

6. Funso la Mayi Mbewe

Kwaya inaimba ndime yoyamba bwino. Pa ndime yachiwiri mawu anayamba kusasa. Kenako kunamveka phuu m'masipika onse awiri, nyimbo n'kuduka, utsi wakuda n'kuyamba kutuluka m'bokosi uli tolotolo.

Ana a kutsogolo anathawira kumbuyo. Mphunzitsi wina anazula pulagi kukhoma. Kumbuyo kwa holo anyamata a sukulu ina anayamba kuseka chikhakhali, monga momwe Ottilia anafunira, koma dzina limene ankalitchula posekapo silinali la Brian.

Brian sanathawe. Anagwira chivundikiro ndi manja osavala kanthu n'kuchikanganula kuti utsi utuluke. Atachiponya pansi, zala zake za kumanja zinali zitayera ndi kupsa. Anazipanira m'khwapa osalira.

Utsi utachepa, mayi Mbewe anawerama n'kusuzumira m'kati. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatsata mawaya ndi nsonga ya bolopeni mpaka pa karenti sosi, n'kuima pa rizisita yatsopano ija.

"Masamu a chigawo ichi ali kuti?"

Brian anapisa m'thumba ndi dzanja lamanzere n'kutulutsa pepala. Mayiwo analiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri. Kumwetulira kuja kunali kutachoka.

"Walemba ndiwe?" anafunsa Ottilia.

"Inde, madamu."

"Palibe nambala yolakwika pano. Ili ndi dzanja la munthu wodziwa chimene akuchita, ndipo n'chifukwa chake likundivutitsa." Anatsitsa mawu kuti amve atatu okhawo. "Mwana wanga, ine ndaona ma ampulifaya ambiri akupsa. Kupsa si mlandu. Wophunzira aliyense amaiwala za kutentha kamodzi pa moyo wake, ngakhale ine ndinaiwalapo. Ngati sunadziwe, nena, ndilemba kuti ndi kulakwitsa kwa wophunzira, ukakonze, dzina lako lipite ku Lusaka, chifukwa mutu uwu sindikufuna kuutaya. Koma ngati unadziwa, n'kumusiya mnzako abwere nayo mu holo yodzaza ndi ana, pamenepo ndilemba zina, ndipo dzina limeneli silidzakhalanso pa khadi lililonse limene ine ndikuweruza. Sindingalowe m'mutu mwako. Ndilemba zimene undiuze."

Ottilia anayang'ana pepala lija m'dzanja la mayiwo.

"Sanadziwe, madamu," analowerera Brian, nkhope itakwinyika ndi ululu wa zala. "Ottilia sangachite zimenezo. Ine ndi amene ndinachotsa kagetsi. Ngati pali wolakwa, mulembe ine."

"Sindikufunsa iwe," anatero mayi Mbewe.

Anatsegula fayilo, anaika nsonga ya bolopeni pa mzere wopanda kanthu pansi pa dzina la Ottilia, n'kudikira.

Brian anamuyang'ana Ottilia n'kumugwedezera mutu momulimbitsa mtima, kuti asaope, angonena zoona.